Nyimbo ya Dzanja la Abambo Ako

Tadala mwana wanga,

Wangotuluka kumene kupita ku boma kukalukitsa tsitsi, ndipo ine ndakhala pansi ndi pepala. Sabata yonseyi ndakhala ndikufuna kukuuza nkhani ina, koma ndikati nditsegule pakamwa zimangotuluka za majuzi: wapakira angati, la ubweya lija waliika pati. Dzulo mpaka unandiseka, kuti, “Amayi, ku Joni kulinso masitolotu.” Sizinali za majuzi ayi. Kalatayi ndiisiya pamwamba pa chikwama chako. Uiwerenge lero lomwe ukangolowa m'nyumba, dzuwa likadalipo. Usaisunge kuti ukawerengere m'basi mawa mutadutsa pa boda, chifukwa kumeneko idzakhala itachedwa.

Ndili ndi mantha, sindikubisira. Anthu kutchalitchi akundigwira chanza kuti mwana wapeza malo pasukulu ya zoimbaimba kunja, ine n'kumamwetulira, koma mtima suli m'malo. Ukupita kukagwira ntchito yomwe ine ndaigwira moyo wanga wonse, ndipo ndikudziwa pomwe imaluma. Sindikuwerengera malamulo ngati mmene ndinkachitira ndi ana m'kalasi mwanga muja. Ndikuuza pomwe ndinagwa ine, iwe uone pali dzenje.

Chiyambi cha gulu lathu unachimva kambirimbiri. Agogo ako aamuna ankagwira ntchito pa macheka kuphiri kuja, ndipo dalaivala wina wa lole ya matabwa anawasiyira makaseti a nyimbo za kantiri. Anazikonda mpaka anatigulira magitala ana awo atatufe. Amayi ako aakulu a Agnesi ndiwo ankaimba, ine ndinkaperekeza ndi gitala yowuma, ndipo amalume ako a Filipo, mng'ono wa tonse, anatenga ya magetsi. Iwowo za kantiri zofatsa sizinkawakwana. Ankafuna zija zaukali za kumwera kwa Amereka, zomwe magitala amalira angapo nthawi imodzi. Anadula khosi la botolo, n'kulinola pamwala, n'kumalivala kuchala ndi kulitsetsereza pa nsambo. Gitala inkalira ngati macheka akalowa m'paini wauwisi. Abambo ako anabwera pambuyo pake kudzatithandiza ng'oma pa ukwati umodzi wokha, ndipo ukuona wekha kuti mpaka lero sanabwerere kwawo. Dzina sitinasankhe tokha. Anthu ankangoti, “Kukuimba ana a pa macheka,” basi linakhala lomwelo.

Kugwa kwanga koyamba kunali pa ukwati wa mphunzitsi mnzanga ku mishoni. Nthawi imeneyo tinkaimba za Chingerezi zokhazokha, zoloweza ndi khutu. Chingerezi cha m'buku ndinkachidziwa, koma cha oimba aja, chotulukira m'mphuno, ndinkangogwirapo liwu apa ndi apo. Panali nyimbo ina yokoma, yoyenda pang'onopang'ono, ndipo ndine ndinaumirira kuti tiimbe imeneyo akwati akamalowa m'holo. Anthu anaomba m'manja, ntchemberezo nthungululu. Titamaliza, asisitere ena okalamba, amene anakhalapo kunja zaka zambiri, anandikodola.

“Rozina, mwaimba bwino. Koma mukudziwa kuti nyimboyi ikunena chiyani?”

Ndinati, “Za chikondi, asisitere.”

“Eya, za chikondi. Mwamunayo wapha mkazi wake, ndiye ali m'ndende akudikira chingwe.”

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Asisiterewo sanauze munthu, koma ine sindinadye pa ukwati umenewo. Tadala, ukupita kumalo komwe anthu amayankhula zinenero zambiri, ndiponso mothamanga. Usaimbe, usavomere, usasayine chinthu chomwe sunachimvetse. Funsa kawiri, akuseke. Manyazi a kufunsa satenga tsiku. Wamva? Funsa.

Chabwino chomwe chinatuluka pamenepo n'chakuti ndinayamba kupeka zathu m'Chichewa. Agogo ako anandiuza kuti, “Azungu ajatu amangoimba za kwawo, malole awo, ng'ombe zawo. Iwe imba za kuno, ndipo malo uziwatchula maina.” Ndinayamba ndi ya lole yokanika kukwera chitunda m'matope a Febuluwale. Kenaka ya mayi wogulitsa kachewere pamsewu, amene amadziwa galimoto yomwe iime pongomva kulira kwake. Ndinkalembera kumapeto kwa makope akale a ana asukulu. Njira yanga unaitengera iwe: sindinkayamba ndi maimbidwe, ndinkayamba ndi mawu amene munthu wanena ine ndikumva, pamsika kapena pamaliro. Ndikawabweretsa kunyumba a Filipo ankawafunira njira pa gitala, abambo ako n'kuikamo mapazi, a Agnesi n'kuwapatsa mpweya. Tinayenda nazo pamwamba pa matabwa m'malole, ku Linthipe, ku Lizulu, ku Ntcheu, mpaka tsidya la malire.

Kugwa kwachiwiri kunali ku Lilongwe, tsiku lomwe tinakajambula kaseti yathu yoyamba. Mwini situdiyo anali bambo woyankhula mofewa, wonunkhira mafuta okwera. Tinaimba tsiku lonse. Madzulo a Filipo ndi abambo ako atatuluka kukasaka nsambo yomwe inaduka, bamboyo anandiitanira m'kachipinda ka makina ndekha.

“Mayi, inu ndinu mutu wa gululi, ndaona kale. Nyimbo zanu n'zabwino. Koma chibotolo chija chikulira ngati mphaka woponderezedwa ndi chitseko. Anthu a m'tauni sangagule. Ndichotsamo, ndiikamo kiyibodi. Mukuti bwanji?”

Palibe munthu wa m'tauni anali atanditchulapo mutu wa chilichonse. Ndinati, “Chabwino, bwana, inu ndi amene mukudziwa.” Panjira yobwerera sindinauze aliyense. Kaseti itafika tinasonkhana pabalaza kwa agogo ako. A Filipo anamvetsera mbali yoyamba, anaitembenuza okha, anamvetsera yachiwiri mpaka inathera. Kenaka anandiyang'ana.

“Achemwali, ine ndili pati?”

Sanakalipe. Anapitiriza kubwera kokonzekera, ankaimba zomwe tawauza, koma khosi la botolo lija analiika m'thumba la jekete ndipo dzinja linadutsa kawiri asanalitulutse. Kasetiyo ngakhale anthu a kuno sanaikonde, ankati si ife. Choncho mwana wanga, munthu akakuyamikira kwambiri kenaka n'kukupempha kanthu, usayankhe tsiku lomwelo. Uziti, “Ndikaganize kaye.” Mawu awiri okha. Ndipo mwamuna aliyense, kaya ndi mphunzitsi, kaya mwini situdiyo, kaya wa kwathu konkuno amene wakupeza kumeneko n'kumakutchula mlongo, akakuitanira m'chipinda wekha, pita ndi mnzako. Ine anangondilanda gitala ya mlongo wanga. Ena amalandidwa zoposa pamenepo. Ndikubwereza: usapite wekha.

Zing'onozing'ono nazo ndinene, ungadzati sindinakuuze. Pakhosi pako uzipafunditsa, kumeneko akuti kumazizira kuposa Juni wa kuno. Ukamva kukereketa usaumirire kuimba, ine ndinaumirira kamodzi ku Bembeke ndipo mwezi wathunthu ndinkaphunzitsa ndi choko chokha. Botolo lomwe walisiya lotsegula n'kutembenuka, usamwenso. Pasipoti isamayende nawe m'misewu. Kukayamba chipwirikiti chothamangitsa alendo, gitala isiye, thawa ndi miyendo yako, gitala tidzapeza ina. Lamulungu lililonse uziimba foni, ngakhale ulibe chonena. Usamangolemba mauthenga, ndikufuna ndizimva mawu, chifukwa pa mawu sungandinamize.

Tsopano ndifike pa chomwe ndakhalira pansi.

Uli wamng'ono unandifunsa kutchalitchi kuti, “Bwanji amayi aakulu saimba nawo? Sadziwa nyimbo?” Ndinakutsina kuti ukhale chete. Lero ndikuyankha. Amayi ako aakulu anali ndi mawu omwe sindinawamvenso mwa munthu wina, ngakhale mwa iwe. Akayamba kuimba, anthu ogulitsa panja pa holo ankasiya malonda. Amene anawatseka pakamwa ndine.

Amuna awo ankachita geni ya mbatata tsidya la malire. Ulendo wina anapita osabwerako. Tinamva kuti ali ndi banja lina kumeneko, koma a Agnesi sanafune kumva. Bamboyo ankabwera Lachisanu, ndiye Lachisanu lililonse iwo ankasita shati yake yoyera, n'kuipachika kuseri kwa chitseko, n'kupita pa siteji ya minibasi. Ankaima pansi pa mtengo kuyang'ana aliyense wotsika minibasi. Wina akawafunsa ankati, “Ndikudikira katundu.” Ine ndinkawaperekeza masiku ena. Ndinkawamvera chisoni, zoona, koma ndikuuze chilungamo: khutu langa linali pa mawu ajawo. Ndikudikira katundu. Ndinabwera nawo kunyumba ngati ndatola ndalama.

Nyimboyo inatuluka tsiku limodzi. Ndinaitcha “Lachisanu pa Siteji.” Dzina lawo sindinatchulemo, koma shati inalimo, mtengo unalimo, katundu analimo. Sindinawafunse. Ndinangofika nayo kokonzekera n'kuwapatsa pepala, pamaso pa agogo ako ndi a Filipo ndi abambo ako. Anawerenga mpaka pansi. Agogo ako, osadziwa kanthu, anati, “Tayesa timve, Agnesi.” Ndipo anaimba. Anaimba mwakuti a Filipo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa khosi la botolo lija koyamba. Ine ndinasangalala. Ndinkati gulu ladzuka.

Linadzukadi. Nyimbo imeneyo ndiyo inatifikitsa pa wailesi. Kulikonse komwe tapita anthu ankakuwa kuti, “Lachisanu! Lachisanu!” Koma Dedza ndi yaing'ono, mwana wanga. Sipanatenge nthawi kuti anthu adziwe mwini nkhani. A Agnesi akamadutsa pamsika, makondakitala ankaimba kolasi ija chapansipansi. Amayi ogulitsa tomato ankawafunsa akumwetulira kuti, “Katundu uja anafika?” Pa siteji ya minibasi paja anasiya kupitapo. Komabe kumapeto a sabata iliyonse ankaimirira kutsogolo kwa anthu n'kuimba manyazi awo omwe, chifukwa gulu linali la banja ndipo sakanakana. Ine ndinkaona, koma ndinkadziuza kuti akanakhala kuti zikuwapweteka akananena.

Zinathera mu holo ya kuno ku boma, Loweruka lina masana. Ali pakati pa ndime yachiwiri, mwamuna wina woledzera anaimirira kumbuyo n'kukuwa dzina la amuna awo, lonse, ndi mfunda womwe. Holo yonse inaseka. A Agnesi anasiya kuimba. Ife tinapitiriza kuliza zida, kuganiza kuti alowanso. Anaika maiki pansi bwinobwino, ngati akugoneka khanda, anakonza chitenje, natsika masitepe. Anadutsa pakati pa anthu mpaka pakhomo osathamanga. Kuyambira tsiku limenelo sanaimbenso, kaya pa gulu, kaya kukwaya, kaya pamaliro a agogo ako amene.

Malo awo ndinalowapo ine, ndi mawu angawa omwe ukuwadziwa, ndipo gulu linapitirira. Zaka zinadutsa tikupatsana moni, tikuthandizana pa matenda, osaikhudza nkhaniyo. Iwe utabadwa anabwera kudzandisambitsira mwana. Tsiku lina akukupukuta ndinalimba mtima.

“Akulu, nyimbo ija. Ndinalakwa.”

Sanandiyang'ane. Anati, “Nyimboyo inali yabwino, Rozina. Sunanamemo ngakhale liwu limodzi.”

“Nanga mungandikhululukire?”

“Ndinakhululuka kale. Koma ukanandifunsa. Mwina ndikanavomera. Ukanangobwera kunyumba, tili awiri, n'kundiimbira. Unandivula pagulu, n'kundipatsa maiki kuti ndilengeze ndekha.”

Anakuveka thewera, nakupereka m'manja mwanga, ndipo sitinayankhulenso za izo mpaka lero.

Tadala, Loweruka lapitali ndinakumva. Unali m'chipinda chosungira zida, ine ndikusankha nyemba kukhitchini. Unkaimba nyimbo yatsopano ija, ya dzanja la abambo ako. Ndinasiya nyemba. Unaimba mmene amanyamulira dzanja lakumanja ndi lamanzere n'kuliika patebulo ngati katundu wa mlendo. Unaimba za phazi lawo lomwe limagundabe pansi wailesi ikamalira, lokha losadziwa kuti sitiroko inadutsa. Kenaka ndime yachitatu ija: mmawa, anthu akapita kumunda, amalowa m'chipinda cha zida, amakhala kuseri kwa ng'oma, amafumbatitsa kamtengo koimbira ng'oma m'dzanja lakufalo, kamtengo n'kugwa, iwo n'kukatola, n'kugwanso. Ine zimenezo sindinkazidziwa. Ndakhala nawo m'nyumba muno chiwagwereni matendawa, ndimawasambitsa ndine, koma sindinkadziwa.

Ndikuuze ngati mnzako pa ntchitoyi, osati ngati mayi ako: m'banja muno simunatulukepo nyimbo yoposa imeneyo. Yanga ya Lachisanu siifikako. Ndipo unandiuza wekha kuti ndiyo ukaimbe tsiku loyamba pamaso pa aphunzitsi ako. Ndikudziwa mmene zikayendere. Akaikonda, wina akaijambula pa foni, ndipo sabata isanathe idzakhala ili m'mafoni a pamsika wa Dedza. Masiku athu nyimbo inkayenda ndi kaseti, lero imafika mwini wake asanatsike basi.

Chomwe sukudziwa n'chakuti zenera la chipindacho linali lotsegula, ndipo abambo ako anali pakhonde la kuseri, akuwothera dzuwa. Anamva yonse. Lamulungu anakana kupita kutchalitchi, anati mutu. Lolemba mmawa ndikuwamanga mabatani a shati anandigwira mkono ndi dzanja lamanzere. Ukudziwa mmene mawu amawavutira masiku ano, amatuluka limodzilimodzi.

“Mayi a Tadala. Mwanayu... amandiona?”

Ndinati, “Kukuonani bwanji?”

“Ndi timitengo.” Kenaka anati, “Kodi ndimaoneka choncho?”

Mwana wanga, apa ndiye kugwa kwanga kwatsopano, kwa sabata ino. Funso lawo ndinalizemba. Ndinati batani lina lasosoka, ndikatenge singano. Ndinakaima kuchipinda ndi singano m'manja mpaka ndinamva kuti atuluka. Chiyambire Lolembalo sanalowenso m'chipinda cha zida. Ndakhala ndikuyang'ana: fumbi pa mpando wa ng'oma lili chomwecho.

Sindikuti uing'ambe. Ndikanakhala mayi wina mwina ndikanatero, koma ine ndikudziwa kuti nyimbo yotere imabwera kamodzi kapena kawiri pa moyo wa munthu. Sindikutinso unalakwa kuilemba. Unailemba chifukwa umawakonda, ndinamva ndekha mmene mawu ako anathyokera pa ndime ija. Inenso a Agnesi ndinkawakonda. Chikondi sichinawatchinjirize pamsika.

Abambo ako ndi munthu amene ankati akakhala pa ng'oma, holo yonse inkaimirira. Anthu a kuno amawakumbukira choncho, ndipo n'chifukwa chake alendo akabwera amabisa dzanjalo pansi pa bulangeti. Chomwe amachita m'chipinda muja mmawa ndi chawo. Ndi chokhacho chomwe chatsala chomwe sitiwathandiza, sitiwagwirira, sitiwaonerera. Iwe unachiona mwangozi, ndipo wachisandutsa chinthu chokongola, koma chikadali chawo. Sungapite nacho kunja usanapemphe.

Sindikudziwa chomwe akayankhe, ndipo n'chimene chikundisowetsa mtendere. Mwina akana. Akakana, uisiye, Tadala, ngakhale zikuwawe. Ukaimbe ya chifunga cha pa Chongoni ija, nayonso ndi yabwino, ndipo udzalemba zina. Ndikuopa kuti ukatero udzatisungira mangawa mumtima, kuti tinakulanda nyimbo yako yopambana. Ndikuopanso kuti ukangopita nayo mwakachetechete, udzabwera pa holide n'kupeza bambo amene amakupatsa moni bwinobwino, amakufunsa za sukulu, koma chitseko china chatsekedwa ndipo sudzachitsegulanso. Ine ndakhala kunja kwa chitseko chotero zaka zonse za moyo wako. Sindikufuna iwe ukaime pamenepo. Komanso mwina avomera. Abambo ako ndi woimba, khutu lawo silinafe. Koma avomere okha, ndi pakamwa pawo, iwe uli patsogolo pawo.

Ndipo ukafika kumeneko, lamulo likhale lomweli. Udzakhala ndi anzako ogona nawo chipinda chimodzi, adzakuuza zakukhosi, ndipo khutu lakolo, lomwe ndi langa, lidzayamba kutola. Tola, ndiyo ntchito yathu. Koma mwini nkhani aziyamba ndiye kuimva, muli awiri, chitseko chili chotseka.

Ndikumva ana asukulu akudutsa pamsewu, ndiye kuti watsala pang'ono kufika. Abambo ako ali pakhonde la kuseri, ndawafunditsa bulangeti m'miyendo ndipo tiyi amwa kale. Ine ndikupita kwa amayi a Mwayi kuseri kuno kukathandiza kusenda chimanga, ndipo sindibwerako mpaka utadzanditenga wekha. Usayambe ndi kulongedza. Tenga gitala yowuma, osati ya magetsi. Ukhale kumanzere kwawo, khutu lakumanja silimva bwino. Usayambe ndi kupepesa kapena kufotokoza zambiri, ungoti, “Ababa, ndalemba nyimbo ya inu, ndikufuna muimve.” Uimbe yonse, ndime ya timitengo usaidumphe. Ukamaliza uwafunse ngati ungapite nayo.

Ukatero ukhale chete. Mawu amawachedwera, ndipo iwe uli ngati ine, umathamangira kuwamalizira. Lero usawamalizire. Ngakhale patenge nthawi yaitali bwanji, uwadikire.

Ndine mayi ako,
Rozina